Wani, Firii, Folo, Thuu

Pijo ya bambo yagona zaka zisanu ndi chimodzi
pansi pa mtengo wa mango ku M'baluku,
matayala atatu, njerwa zinayi.
Nkhuku zaikiramo mazira.
Makoswe adya waya wofiira, wakuda ausiya,
kaya ngowawa.

Lero ndatsegula boneti.
Bambo akhala pa chigubu, ndodo pakati pa miyendo,
maso achita nkhungu ngati galasi la nyali lolowa madzi.
Makutu okha ndiwo atsala pa ntchito.

"Sauda, wayambira pati?"
Pa batire, bambo. Ndabwereka kwa Twaibu wotchaja mafoni,
akulifuna isanakwane sikisi.
"Pala mitu yake mpaka iwale."

Ndapala.
Ndavula chipewa cha distibyuta,
m'kati muli kangaude ndi ana ake.
Mapoyinti ada bii.
Ndawakhula ndi m'mbali mwa bokosi la machesi,
ndayeza mpata ndi katoni yake yomweyo,
monga munkachitira pa depoti
anthu akukuitanani, Che Jawadu, Che Jawadu,
lole ya usipa yafera pa mlatho wa Shire.

Ndapotoza kiyi. Sitata yatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe.
Ndayandikiza waya wa koyilo ku chitsulo:
kamoto kachikasu, kaulesi.
"Sindinakamve," atero bambo.
"Moto wabwino umalankhula. Sintha kondensa.
Ili m'chitini cha mkaka, pansi pa mabawuti."

Tsa! Tsa! Wabuluu.
Amwetulira ndi mano atatu.

Mawaya a mapulagi ndawasokoneza dala.
Ndikufuna anene okha.
"Wani, firii, folo, thuu."
Mawu amene ndinaloweza
ndisanadziwe alifu ndi be ku madarasa,
nditanyamula tochi, udzudzu ukundidya miyendo.

Injini yagwira.
Utsi wathamangitsa nkhuku mpaka kwa aneba.
Ana akuwa. Mbuzi yadula chingwe.

Koma nyali, zii.

Ndagwada pansi pa chiwongolero,
ndatsegula kabokosi ka mafyuzi.
Yachitatu njokulungidwa m'pepala lonyezimira la ndudu,
lopsa m'mbali, lopindidwa mwachangu
ndi zala zimene zinkanjenjemera.

Ndiye ili pano.
Usiku uja, potsika mapiri a Namwera,
amayi atagona kumbuyo pa mphasa,
mutu wawo pa miyendo yanga,
nyali zinazima pa khona la Chowe.
Munapempha paketi kwa mlonda wa pa sitolo,
inu amene simunasutepo.
Zinayaka. Zinazimanso. Zinayaka.
Tinafika pa chipatala
anamwino akuti bwenzi mutafulumira.
M'mawa munaimika galimoto pansi pa mtengo uwu,
kiyi munaponya m'chitini.

"Wapeza chiyani?"
Palibe, bambo. Fumbi.
"Usaitaye."

Ndaiika m'thumba la ovolosi.
Ndalowetsa yatsopano, ya handiredi kwacha,
yochokera pa benchi la mnyamata wa mumsika.
Ndakoka switchi.

Khoma la bafa layera mbee,
dzuwa lisanalowe n'komwe.
Nyali imodzi ikuyang'ana nthochi,
inayo ikuyang'ana kumwamba
ngati ikufunsa kanthu.

Bambo adzuka okha.
Apapasa bampala, apapasa chitsulo cha kutsogolo,
aika chikhatho pa galasi lakumanja.
Akhala choncho.
Kuwala kukudutsa pakati pa zala,
magazi akuoneka ofiira m'kati mwa khungu,
iwo sakuona.
Asamukira lakumanzere.

"Ili likuchedwa kutentha.
Waya wa nthaka wamasuka penapake.
Magetsi akapita, amafuna njira yobwerera."

Ku mzikiti ayamba kuitana.
Twaibu waima pa mpanda ndi njinga yake,
akuloza wotchi imene alibe.

Dikira pang'ono, Twaibu.
Dzanja la bambo likadali pa nyali,
ndipo sipanala ya teni
sindikuiona.